Zingwe za M'thumba la a Mose

A Mose anafika ku Joni mu 1998 kuchokera ku Ntcheu, ndipo zaka zoyambazo anazithera m'minda ya maluwa ku Midrand, uku akugona ku Zandspruit. Pofika 2006 anali atayamba kunyamula katundu wa anzawo kupita naye kumudzi. Tinene bwino apa: galimoto sinali yawo. Inali ya a Nkonde, bambo wa ku Chipata, amene ankawakokera thirela. Maulendo awiri thirelayo inapita yosadzaza, ndipo a Nkonde sanabise mawu. Ya Disembala ikapitanso choncho, aipereka kwa wina.

Ku Honeydew kunali kashopu ka intaneti ka Mulako, mayi wa ku Lusaka. Iyeyu ankayendetsa gulu la imelo la Amalawi ndi Azambia, momwe ankalengezamo maliro, maganyu ndi zipinda za lendi. Ambiri analibe kompyuta, komabe uthenga unkayenda. Wina ankawerenga kuntchito, n'kukauza anzake kutchalitchi. A Mose analembetsamo kuti mtengo wawo wonyamulira katundu ndi wotsika kuposa wa wina aliyense. Sabata inatha foni ili zii.

Sanakwiye ayi, koma nkhaniyi inawazunguza mutu. Anthu olira mavuto tsiku ndi tsiku angakane bwanji chotchipa? Lamulungu potuluka m'tchalitchi anafunsa mayi Mariya, wantchito ya m'nyumba amene ankawatuma kawirikawiri.

"Mayi, uthenga wanga uja munaumva?"

"Ndinaumva, achimwene. Ndinangoti basi, a Mose nawonso ayamba kuba."

"Kuba?"

"Wotchipa wa chaka chatha uja, mapoto anga anathera pa boda. Mpaka lero akuti akufufuza."

"Nanga ineyo mumanditumiranji?"

Mayiwo anawayang'ana ngati afunsidwa dzina lawo lomwe. "Si zingwe zija?"

Nkhani ya zingwe inali yotere. Makolo a ku Joni amagulira ana nsapato potengera phazi lomwe analisiya, kuiwala kuti mwana sadikira. A Mose anatopa kuona ana akukankhira mapazi m'nsapato zothina, agogo awo akuti pirira, zachokera kutali. Choncho akatula katundu pakhomo, ankagwada n'kuyeza phazi la mwana aliyense ndi chingwe, n'kumanga mfundo. Pobwerera ankapereka chingwecho kwa kholo. Sankachiyesa malonda. Kwa iwo chinali ngati moni.

Lolemba a Mose anakakhuthula patebulo la Mulako zingwe za m'thumba mwawo zimene anali asanapereke kwa makolo.

"Ba Mose, mwayamba kutchera mbewa mu Joni?"

"Awa ndi mapazi, mlongo."

Mulako anasiya kuseka atamva zonse. Anatola chingwe chimodzi, n'kuchiyala pachikhatho. Nayenso anali ndi mwana ku Lusaka, ndipo saizi yake sankaidziwa.

"Ndiye inu zonsezi muli nazo, n'kumalengeza zotchipa ngati tomato wa madzulo?"

Analemba mawu ochepa: a Mose amafika pakhomo penipeni, amamuona mwana wanu ndi maso, ndipo amabwera ndi muyeso wa phazi lake. A Mose anada nkhawa kuti za mtengo sizinatchulidwe. Mulako anangotumiza uthengawo.

Foni inayamba kulira Lachitatu. Wina anafunsa ngati amayezanso m'chiuno, poti ankafuna kugula siketi ya sukulu. Bambo wina wa ku Diepsloot analibe chotumiza, koma anagula thumba la shuga kuti a Mose angokafika kwawo ku Balaka n'kukamuona mwana amene anabadwa iye atachoka.

Tsiku lonyamuka, a Nkonde anazungulira thirela yodzaza, akukoka zingwe za tenti kuti aone ngati zagwira.

"Matayala anga mundiphulitsira," anatero. Kenaka anatsitsa mawu. "Wa Januwale tidzadzere kwathu ku Chipata. Ndili ndi adzukulu kumeneko."

A Mose anasisita thumba la malaya. Mpukutu wa chingwe chatsopano unalimo.