Kabokosi Kosunga Mawu a Mkazi Wanga

Mkazi wanga atamwalira, zithunzi zake ndi nyimbo zimene ankaimba posankha fodya zinatsala mu foni yanga. Foniyo anandisolola pamsika wa Kamwendo. Mwamwayi mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anali atakopera zonse. Anabwera ndi kabokosi kakuda, n'kukaika pamwamba pa kabati, n'kukalumikiza ku intaneti ya m'nyumba.

"Bambo, zonse zili umu," anatero. "Kulikonse kumene mungapite, mukatsegula foni yanu yatsopanoyi muzizipeza. Koma kabokosika kasazime."

Ine sukulu ndinaiyamba ndili kale ndi ana, ya kwacha, ndipo chimene ndachiphunzira movutikira sindichiiwala. Ndinayeserera mpaka ndinazolowera. Ndikakhala kumunda ndinkadina, mawu a mkazi wanga n'kumveka kuchokera pakabati paja.

M'nyengo yotentha uthenga unabwera kuti alamu anga, akulu ake a malemuyo, adwalika kwawo kwa Dambe. Maso anali atasiya kuona, miyendo osayenda. Anapempha chinthu chimodzi: anamva kuti mawu a mng'ono wawo ndili nawo, ndiwabweretsere. Kumudzi kumeneko sindifika ndi mtima wopepuka. Pamene ndinali kapitawo pa esiteti, mkazi wanga ankapempha kukaona abale ake, ine n'kumati tidikire fodya athe. Fodya sankatha.

Makiyi ndinasiyira mphwanga, amene ali ndi okala pafupi ndi nyumba yanga. Ndinamuuza kawiri konse, ndikuloza ndi chala, kuti asakhudze soketi ya kuseri kwa kabati.

Ndinafika kwa Dambe pa kabaza dzuwa litapendeka. M'nyumba mwa alamu netiweki sinkagwira. Anthu a pamudzipo anandilozera chulu cha kuseri kwa khola, kumene mudzi wonse umaimbira foni. Ndinakwera ndi mawondo angawa kuti ndiyese kaye. Ndinadina. Kanthu kanazungulirazungulira, kenako foni inati kabokosi sikakupezeka. Ndinaimbira mphwanga.

"Magetsi athima kumeneko?"

"Ayi achimwene, alipo bwinobwino. Zakumwa zazizira kale."

"Zakumwa ziti?"

"Firiji yanga ndaisamutsira kwanu, soketi ya kuokala yapsa. Ndachotsa kakuda kaja. Kamangophethira pachabe, palibe amene akuonera."

Ndinakhala pansi pachulupo. Munthu wa imvi zake, bambo wa ana akuluakulu, wazimitsa mawu a mlamu wake kuti aziziritse mabotolo. Ndinamuuza kuti abwezeretse msangamsanga.

"Panopa ndili kuboda, ndikudikira katundu. Makiyi ndili nawo m'thumba. Mawa, achimwene. Kodi nyimbozo zithawa?"

Nyimbo sizithawa. Munthu amene ankazidikira ndi amene ankathawa, ndipo mphwanga ankadziwa zimenezo. Chimene chimandiwawa mpaka lero si kusadziwa kwake ayi, poti nanenso makina sindinabadwe nawo. Ndi chakuti anaona chinthu chimene sakuchimvetsa n'kugamula yekha kuti n'chopanda ntchito, ngakhale mwini wake anali atamuchenjeza.

Ndinatsika n'kukalowa kwa alamu. Anatembenuzira mutu kumene kunkamveka mapazi anga.

"Mwabwera naye?"

"Mawa, alamu."

"Mawa," anabwereza. "Inu ndi mawa wanuyo tinakuzolowerani."

Amayi amene ankawadwazika anayang'ana pansi. Ndinagona pakhonde, makutu ali kuchitseko, ndikuwerengera kupuma kwawo.

M'mawa ndinakweranso chulu. Mphwanga anali atafika, koma analumikiza kabokosi kokha, waya wa intaneti atamusiya lende. Ndinamulondolera ndikukuwa, waya uyu apa, uyo apo, mbuzi zikundiyang'ana.

"Nanga firiji ndiizimitse?" anafunsa.

"Uitulutse panja."

Kenako zithunzi zinayamba kutuluka, chimodzichimodzi. Ndinayesa kutsika nayo foni, koma ndisanafike pakhola netiweki inali itaduka kale. Zosunga nyimbo mu foni momwemo mwana wanga sanandiphunzitse, ndipo foni yake sinkayankhidwa.

Ndiye tinawanyamula alamuwo. Amayi aja anagwira m'makona a bulangete, ine ndikuchirikiza mutu, mpaka pamwamba pa chulu. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Ndinaika foni pafupi ndi khutu lawo. Mkazi wanga anayamba kuimba, masamba a fodya akumveka kukhwekhwereza m'manja mwake, pakati n'kukhosomola, n'kuseka.

"Ndi yemweyo," alamu anatero. "Sankamaliza nyimbo osaseka. Ikaninso."

Ndinaikanso, mpaka bandulo inatha.

Sabata isanathe tinawaika m'manda. Nditabwerera ku Kamwendo ndinasintha loko, ndipo soketi ija ndinaikulunga ndi tepi. Mphwanga amauza anthu kuti ndinamukwiyira chifukwa cha waya. Sindimutsutsa, koma zakumwa za pa okala yake sindigula.