Siliva wa Ghaya, Mwini Wake Ali Moyo

Ku Bahla, mudzi wina wa kuchipululu, Ghaya ankamveka asanaoneke. Zigwinjiri zake za m'miyendo zinali zasiliva, zonenepa, m'kati muli timiyala, ndiye akamapita kungalande kukatunga madzi amayi ankati, "Uyo make Zuwena, bisani miseche!"

Anakwatiwa ndi Khalfan, mlimi wa kanjedza, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Tsiku limenelo anamuveka siliva mpaka khosi kuwawa: makoza, ndolo, mphete, ndi mkanda waukulu wokhala ndi mikanda yofiira yagalasi imene anasiya agogo ake. Siliva wa mkazi ndi wa mkaziyo, mwamuna sakhudza. Amachoka pathupi tsiku losambitsa mtembo, n'kupita kwa wosula, chifukwa mkwatibwi savala za wakufa zisanadutse pamoto.

Zaka makumi atatu Ghaya anapera tirigu, anayanika zipatso za kanjedza padenga, anabereka ana asanu n'kuika m'manda anayi. Wotsalayo, Zuwena, anakwatiwa kutali kugombe.

Chaka china cha dzuwa loswa mtengo, Ghaya anadwala malungo, masiku asanu ndi anayi osatsegula pakamwa. Khalfan anali ataponya kale diso pa Moza, mwana wa woumba mbiya, ndipo kudikira kunamukanika. Anamuvula mkazi wake zonse akupumabe, n'kumanga pansalu, ulendo kwa Humaid wosula siliva. Munthu wopanda manyazi ngati ameneyu sindinamuonepo.

Tsiku lakhumi Ghaya anapempha madzi.

Atayamba kuima, anamva miyendo kupepuka. Sanafunse munthu. Anayenda chogwira makoma mpaka kumsika, anthu akudzidzimuka chifukwa sanamumve akubwera. Humaid anali pamvukuto. Atamuona, mbaniro inagwa.

"Mayi, si inu munamwalira?"

"Ndine ndemwe. Ndipatseni katundu wanga."

Humaid anatsegula bokosi. Munali makoza atsopano owala, ang'onoang'ono, a dzanja la mtsikana.

"Katundu wanu ndi ameneyu. Moto subweza, mayi. Amuna anu anati mwatsala pang'ono, ine ndikanatani?" Kenako anamuponyera kathumba. "Izi tengani. Galasi sitisungunula."

Inali mikanda yofiira ija, ulusi atadula. Amuna amene ankamwa khofi pakhomopo anayamba kuseka. Wina anati, "Musaichepetse. Imeneyi azungu ankaumba kwawo, ngalawa n'kuitengera ku Zanzibar kukagulira minyanga ndi anthu. Agogo ake a mayiyu anabwera kuno atagulidwa ndi yomweyi, kadzanja kamodzi basi."

"Ndiye wabwerera pamtengo wake!" anatero mnzake, onse n'kufa nacho chikhakhali.

Ghaya anabwerera kunyumba. Ankaganiza kuti zoipa zathera pamenepo. Ayi ndithu.

Make Moza atamva kuti mwini siliva wadzuka, anabwera pakhomo chala chili m'mwamba.

"Khalfan, mwana wanga savala siliva wa munthu wamoyo. Ukufuna andiumire ngati chitsa? Siliva ameneyo akhale kwa Humaid mpaka mwini wake atapita. Ukwati udikire."

Siliva wina Khalfan akanamutenga kuti? Ndiye mudzi wonse unakhala pansi kudikira imfa ya Ghaya. Kungalande amayi ankamutcha malemu, pamaso pake pomwe. "Sunthani, malemu atunge." Paukwati sankamuitana, pakuti mkazi wopanda siliva akakhala pati? Pamaliro pokha ndi pamene ankamupatsa malo, ndipo pamenepo wina ankamunong'oneza, "Mwaona mmene mnzanuyu wachitira changu?"

Khalfan anasanduka mwamuna wachikondi. M'mawa uliwonse ankabwera yekha ndi khofi.

"Mwadzuka bwanji, make Zuwena?"

"Ndadzuka bwino, bambo."

Nkhope ya bamboyo inkagwa ngati waberedwa mbuzi zake. Akamva katsokomola, ankaima pakhomo khutu lili tcheru. Ghaya zonsezi ankaziona, ndipo zinkamupweteka kuposa malungo aja. Koma thupi lake linali louma mutu, linkangonenepa. Anayambanso kupera tirigu, kusesa, kudyetsa mbuzi. Mikanda ija anaitunga pa ulusi wa kanjedza n'kuvala, ngati kamtsikana ka mmphawi.

Zipatso zitayamba kupsa m'mitengo, make Moza anatumiza mawu kwa Khalfan: kwabwera mwamuna wina wa ku Nizwa kudzafunsira Moza, ndipo iwo adikira Khalfan mpaka kukolola, osapitirira.

Tsiku limenelo masana Ghaya anali atakhala pamphasa, mpunga ndi nsomba youma zili patsogolo. Khalfan analowa, n'kugwada pafupi naye, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane. Anamugwira dzanja lopanda khoza lija.

"Make Zuwena, zaka makumi atatu ndinakumenyanipo ine?"

"Ayi, bambo."

"Ndinakugonekanipo ndi njala?"

"Ayi."

"Ndiye ndakulakwirani chiyani kuti muzindichititsa manyazi chotere? Anthu akundiseka pamsika. Kukolola kwatsala milungu itatu, mayi. Inu mwadya kale moyo wanu. Ndiganizireniko."

Ankalira misozi yeniyeni, ikuyenderera m'ndevu. Ghaya anangomuyang'ana. Khalfan anapukuta m'maso, anapsompsona dzanja lija, kenako ananyamula mbale ya mpunga imene mkazi wake anali asanaiyambe, n'kutuluka nayo.