Mutu wa nkhumba ya kampani

Mlongo wanga Kalekeni amadzitcha shefu. Ine ndinamubereka kumbuyo ali ndi mamina, ndiye za ushefuzo muziuza ena. Anayamba ndi chiwaya pa Chamama, kukazingira zidakwa nyama ya nkhumba m'mafuta akuda bii. Tsiku lina anaona pafoni azungu akuzungulitsa nkhumba yathunthu pamoto, basi tulo tinamuthera. Anatola ekiselo ya ngolo yakufa, wowotcherera anamulumikizira chiwongolero cha thirakitala, iye n'kugula chipewa choyera chachitali ngati chumuni.

Chilungamo chake, mwanayo amawotcha. Makampani a fodya, mabungwe, maukwati a anthu amatayi pa Kasungu boma, onse anayamba kumuitana. Kumeneko amayenda monyang'wa, mpeni m'manja, mabwana akumuti "a shefu".

Koma akatsika kabaza kwa Njombwa, kwawo kwa mkazi wake Tiyese, ushefu umatsala pamsewu. Kumeneko ndi mkamwini basi. Chigafa chikadontha, Kalekeni. Fodya wofunika kusoka, Kalekeni. Ana afika ku sekondale iye akutumidwabe ngati wobwera dzulo. Chimene ankachifuna ndi mtima wake wonse chinali chitengwa, kuti amulole kutenga Tiyese ndi ana akakhale kwathu kwa Chisemphere. Wololeza anali a Samsoni, malume ake a Tiyese, eni mbumba, munthu woti akanena kuti "tiona" mudikire fodya wina.

Chaka chatha a Samsoni anafewako. Anati, "Bambo, timangomva kuti mumawotchera mabwana nkhumba zathunthu. Ife kuno ngakhale mutu sitinauonepo. Nanga mwana wathu tikupatseni bwanji?"

Kalekeni analonjeza pomwepo kuti mutu ufika Loweruka. A Samsoni anati akadya, za chitengwa zithera pamphasa pomwepo. Tiyese anayamba kulongedza mapoto m'matumba.

Loweruka limenelo kampani ina yogula fodya inali ndi phwando lotsekera msika pa loji ina ku boma. Matenti oyera, mipando yovekedwa nsalu ngati akwatibwi. Ine Kalekeni ananditenga kuti ndikadule anyezi ndi tomato. Woyendetsa zonse anali mayi Caroline ochokera ku likulu la kampani, nsapato zawo zikuboola kapinga paliponse aponda.

Nkhumba itapsa, Kalekeni anadula mutu, kuukulunga m'masamba a nthochi, kuuika mu katoni, n'kupatsira wa kabaza yamoto kuti akatule kwa Njombwa. Sanabe ayi, ndipo sanabise. Kwathu izi safunsa. Wapha nyama, mutu umapita kwa akuluakulu ako, otsalawo adye thupi.

Titainyamulira patebulo, mayi Caroline anafika atagwira apulo lofiira. Anaima njii.

"Mutu uli kuti?"

"Wapita kwa amalume, madamu."

"Amalume a ndani?"

"A akazi anga," anatero Kalekeni akumwetulira, kudikira kuti amuyamikire ulemu.

Aaa! Mayi aja anati mlendo wolemekezeka ajambulitsa ataima pambali pa nkhumba yathunthu, apulo lili kukamwa, ndipo chithunzicho chikupita pa kalendala ya kampani. "Ndiye apuloli ndiliike pati?" Ine yankho ndinali nalo, koma ndinameza.

Kalekeni anavula chipewa chija n'kugwada pakapinga. Anati aphimba pakhosipo ndi kabichi, palibe adziwe. Anati, "Chonde madamu, mutu umenewo ndi wa banja langa." Mayi Caroline anati mutu ubwere, apo ayi aiwale zowotchanso pa phwando lililonse la kampani m'boma lino. Anaitana dalaivala wawo, a Frazer, kuti akautenge.

Apa ndi pamene magazi amandiwira mpaka lero. A Frazer kwa Njombwa sankakudziwa. Mlongo wanga akanangotseka pakamwa, galimoto ikanathera mafuta m'minda. Koma anayang'ana matenti aja, anayang'ana chitsulo chake chozungulitsira, n'kuyamba yekha: mukapitirira chigayo mukhotere kumanja, nyumba yamalata pafupi ndi mpope. Anachita kujambula pansi ndi chala, chitsiru!

Zakumudzi anandiuza ndi Tiyese. A Samsoni anali ataitana anzawo onse, ngakhale amene sayankhulana nawo, kuti aone mmene mkamwini amalemekezera. Mphasa itayalidwa, mchere ndi tsabola zili pambale, mkulu wa mpingo anapemphera pemphero lalitali. A Samsoni atangodula khutu n'kuluma, galimoto yoyera ya kampani inaima pabwalo. Anthu anaombera m'manja poganiza kuti mabwana abwera kudzapereka moni. A Frazer, munthu woleredwa bwino, anaodira, anagwada, anafunsa za moyo wa aliyense, kenako anapempha mutu.

A Samsoni anakankha mbale ya mutu ija ndi manja awiri. Khutu lolumidwalo analiikanso pamwamba.

Ku loji mutu unalumikizidwa ndi waya, mbali yopanda khutu anailozetsa ku tenti. Mlendo wolemekezeka anagwira mpeni, anamwetulira, anthu anajambula, kenako anati adokotala anawaletsa nyama ya nkhumba. Mutuwo palibe anaukhudza. Phwando litatha ndinauona ndi maso anga agalu apalojipo akulimbirana kuseri kwa khitchini. Mayi Caroline anamugwira Kalekeni chanza, n'kumuuza kuti chaka chamawa adzamuitananso. Iye anati zikomo kwambiri.

Mawa lake ndinamuperekeza kwa Njombwa. Tinapeza Tiyese akutulutsa mapoto m'matumba n'kumawabwezera pathandala. Sanatiyang'ane n'komwe.

A Samsoni sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatilonjera bwinobwino, kufunsa za kwathu, kenako anati, "Bambo, tabwerani." Anamutengera kuseri kwa chigafa kumene kuli chulu chachikulu, anatapa dothi n'kulifinya m'manja.

"Dothi ili ndi labwino njerwa. Kanyumba kanu kaja katha. Umbani, mumange yolimba, yoti mukalambiremo."

Ine misozi inalengeza, ya chisoni ndi ya mkwiyo yomwe. Ndinkati mwina Kalekeni ayankhapo kanthu, munthu wamkulu ndi imvi zake. Kalekeni anawomba m'manja mwaulemu, n'kufunsa ngati chikombole angabwereke kwa amalume komweko.

Lolemba m'mawa anayamba kuponda dothi.