Bango Loyezera Manda

Linali Lachisanu m'mawa, belu la ku mishoni likulira koyamba, chaka chotsatira chisankho cha matipate, pamene anandiuza kuti amuna anga apezeka atafa m'khwawa, panjira yochokera ku Chezi. Anawakhapa ndi zikwanje n'kuwalanda njinga.

Kwathu adzukulu asanakumbe manda amalowa m'nyumba ndi bango kukayeza mtembo. Tsikulo, mnyamata wina wa m'mudzi mwathu, yemwe anasiya sukulu n'kumayenda ndi gulu la anyamata a pamsika, anadula bango ali panja.

"Musavutike, amayi," anatero. "Msinkhu wawo ndikuudziwa."

Alamu anga analitengabe kukayeza. Linakwana ndendende, kuyambira kumutu mpaka kuchidendene. Amuna anga ankayenda chowerama kuyambira ali mwana, ndipo pamudzi ponse ankati ndi aafupi. Kutalika kwawo akanakudziwa yekhayo amene anawaona atagona chowongoka pansi.

Ndinakhala chete mpaka tsiku lometa, chifukwa mayi ake a mnyamatayo ndiwo ankanditungira madzi pamaliro ponse. Titameta ndinapita kupolisi. Njinga anakaipeza m'chigafa cha kwawo, itafunditsidwa mapesi. Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, koma poti anali wamng'ono sanamunyonge. Anzake sanawatchule. Ali kundende mpaka lero.

Mayi ake sananditukwanepo. Amangondiyang'ana. Panopa ndimapita kuchitsime masana, iwo atatunga kale.