Sutikesi Yofiira ya Tadala

Tsiku lomwe ndinavomera kupita ku Spain, mwana wanga Tadala sanadye. Ntchitoyo inali yoperekeza Mayi Miren, gogo amene ndinkawasamalira ku Hillhead mumzinda wa Glasgow, kwawo ku Lekeitio, m'dera la Abasiki, kwa miyezi itatu. Malipiro anali owirikiza. Ine ndinati Mulungu watsegula khomo.

"Mwayambanso, Mama?" anatero Tadala m'Chingerezi chake cha kuno ku Glasgow.

Mwanayu ndinamusiyapo kale ku Zomba ali ndi zaka zinayi, n'kukamutenga ali ndi khumi. Tsopano anali ndi khumi ndi zisanu. Ndinamusiya ku Partick kwa Mayi Phiri a kumpingo kwathu, ine ulendo.

Ku Lekeitio n'kokongola, ndisaname. Nyumba zazitali zothinana mozungulira doko, mabwato a asodzi, tchalitchi chachikulu chamiyala chomwe guwa lake limanyezimira golide. Akuti makolo a anthu akumeneko ankasaka anamgumi pa timabwato topalasa ndi manja. Palinso kachilumba komwe njira yake imaoneka madzi akaphwa basi, akabwerera imamira. Alendo ankajambula zonsezi. Ine maso anali pa foni. Mauthenga anga Tadala ankawatsegula, osayankha. Sabata yachitatu analeka n'kutsegula komwe.

Kenako Mayi Phiri anaimba foni. "Amake Tadala, kudya akudya, kusukulu akupita, koma pakamwa watseka. Dzulo watenga kiyi wa kunyumba kwanu ku Govanhill. Chomwe akukachitako sakunena."

Ndinadzitsekera m'bafa n'kugwada. Mawu opempherera anandithera, ndinkangoti Ambuye, Ambuye.

Mayi Miren anali ovuta, osachedwa kukalipa. M'mawa mwake ndikuwakankha pa njinga yawo ya olumala padoko, anandiimitsa. Anandiuza kuti nthawi ya nkhondo mayi awo anawakweza sitima yopita ku Britain ali kamwana, powathawitsa mabomba.

"Aliyense amati anandipulumutsa, ndipo n'zoona," anatero. "Makalata awo ndinkawerenga, koma kuyankha ayi. Pomwe mtima unkatsika, anali atamwalira. Iwe Esnati, wandigunditsa pakhoma kawiri chifukwa cha foniyo. Mwana wako akuyankha?"

"Ayi, Mayi."

"Ndiye ukudikira chiyani? Pita. Mdzukulu wa mchimwene wanga azindisambitsa, ngakhale manja ake ndi okhakhala ngati ukonde."

Mulungu awadalitse gogo amenewo. Ndinabwerera ntchito ili pakati, malipiro aja n'kupita ndi mphepo. Mundege monse ndinkadzifunsa ngati ndikamupeze.

Ndinakwera masitepe a nyumba yathu. Chitseko chinali chosakiya. Tadala anali pabedi atavala yunifolomu, pambali pake pali kasutikesi kofiira komwe anabwera nako kuchokera ku Zomba. Munali pasipoti, juzi, mswachi ndi chithunzi cha malemu mayi anga.

"Ukupita kuti, mwanawe?"

"Sindikudziwa, Mama. Kamakhala kolongedza chibwerereni. Zovala zikandichepera ndimangosintha." Anayang'ana pansi. "Ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzandisiyanso kwa anthu."

Zaka zisanu ndakhala ndikusesa pansi pa bedi limenelo, kasutikesi ndikumakasuntha ndi tsache, osakatsegula. Ine ndinkati poti ndamubweretsa, ndamudyetsa, ndamuveka, ndiye kuti wafika kwawo. Pomwe mwana anali mlendo m'nyumba ya mayi ake.

Za lendi ndi mtengo wa magetsi zomwe ndinakonzekera kumufotokozera sindinazitchule. Ndinakhala pansi penipeni, pafupi ndi mapazi ake.

"Pepa, Tadala. Ndinakusiya kawiri. Ndinalakwa."

Basi inadutsa kunja, ina n'kudutsanso. Kenako anatenga juzi ija, anaipinda bwinobwino, n'kutsegula dirowa.

"Mswachi muike kubafa, Mama," anatero. "M'kapu momwe muli wanu."