Abiti Harun ndi Ana Otumidwa

Aliyense amene anatsikapo minibasi pa Domasi n'kulowera msewu wa ku Mishoni amawadziwa Abiti Harun, ngakhale akhale kuti sanagulepo kanthu pa okala yawo. Ndi mayi aja amene amakupatsani moni mukadali patali, n'kukufunsani za matenda a mlamu wanu amene inuyo simunawamve n'komwe.

Geni anaiyamba ali mtsikana, ndi zitumbuwa pa lichero. Kenako kunabwera tomato, mafuta a m'timachubu, mpaka kaokala ka malata kamene kalipo leroka. Amuna awo, Che Twahir, anali telala wa luso koma wosuta ngati uvuni wa njerwa. Chifuwa chinawatenga mwana wawo Faruku asanayambe sukulu. Kuyambira pamenepo Abiti anatsala ndi lumbiro limodzi: Faruku amalize sukulu, ndipo utsi usadutse pakamwa pake. Koma ndudu ankagulitsabe, imodziimodzi. Mukawafunsa, ankati akasiya ndiye kuti ogula shuga ndi machesi nawonso athawa.

Tsiku lina kunabwera Iness, mlangizi wa zaumoyo, pa njinga yake, atanyamula chipepala chojambulidwa mapapo akuda bii.

"Boma likuti ana asamagule fodya, amayi. Akabwera mwana muzimubweza."

"Zabwino zimenezo," anatero Abiti. "Nanga wotumidwa?"

"Ameneyonso ndi mwana."

"Iwe Iness, ndinakuona ukuyenda opanda nsapato pamsewu pomwe pano, lero waiwala za kwathu? Mwana wa Che Alaudin ndikamubweza, ndabweza Che Alaudin amene. Mawa ndikakumana nawo pamaliro ndiwayang'ana bwanji?"

"Zimenezo papepalapa sanalembepo," anatero Iness, n'kumata chipepala chija pachitseko, ulendo.

Anthuni, chipepala chija chinachita zodabwitsa. Kuyambira sabata imeneyo, m'dera lonse la Malemia munalibenso mnyamata wosuta. Onse anangosanduka otumidwa. "Andituma agogo." "Andituma amalume." Madoda amene sanagwirepo ndudu chibadwire anayamba kutumiza ana m'mawa ndi madzulo. Mkulu wina amene tinamuika m'manda dzinja lathali, nayenso anatumako.

Abiti sanafune kunyoza akuluakulu, sanafunenso kunyoza boma, ndiye anapeza njira yawoyawo. Mnyamata akangoti "andituma," iwo ankatseka zenera la okala, kuika ndudu ija m'kambale, kuvundikira ndi kansalu, n'kunena mokoma: "Tiye, mwanangu, tsogola. Ndikawapatse ndekha."

Ambiri ankakumbukira ali pakati pa njira kuti aiwala kumanga mbuzi, n'kulowa m'chimanga. Koma mwana wa Bambo Stephano, mkulu wa mpingo, analimba mtima mpaka pampanda wa kwawo, pamene anazimiririka ngati sanabadwe. Abiti anangolowa okha. Pakhonde panali Mayi Eluby, mkazi wa Bambo Stephano, ndi amayi a Mvano akuphunzira nyimbo. Abiti anagwada mwaulemu pamaso pa mkulu uja n'kupereka kambale ndi manja awiri.

"Ndabweretsa zija munatuma mwana, bambo."

Bambo Stephano anavundukula. Nyimbo inathera pakamwa. Amene analipo amati mayi wina anaseka mpaka duku kugwa. Mwana uja anaona zakuda madzulo ake, koma Mayi Eluby anasiya kuwayankha Abiti moni.

Mukuganiza kuti anyamata aja anasiya kusuta? Anangosiya kubwera. Onse anasamukira kutsidya kwa mlatho, pa benchi ya Che Anwar, munthu amene akhoza kugulitsa fodya ngakhale kwa khanda, bola litambasule dzanja. Apa ndi pamene Abiti anayamba kusowa mtendere. Kale Faruku ndi anzake ankakhalira bawo pambali pa okala, pamaso pawo. Tsopano bawo nayo inawoloka mlatho, Faruku n'kuilondola.

Abiti anamudandaulira Iness. "Ine ndathamangitsa ana, kuphatikizapo wanga yemwe, ndipo onse ndawathamangitsira kwa Anwar. Kumeneko boma silifika?"

"Ndikanena kwa akuluakulu," anatero Iness. Patapita nthawi anabwera ndi chipepala china chachikulu kuposa choyamba chija. Che Anwar anakana, amvekere benchi yawo ilibe chitseko, ndiye Iness anadzachimatanso pa okala ya Abiti.

Mayeso a Folomu 4 atayandikira, kunabwera uthenga woti Abiti akufunidwa kusukulu. Anapeza ahedi atakhala ndi a komiti ya makolo, ndipo wapampando wake anali Bambo Stephano omwe aja. Faruku anaima pakona, maso pansi. Patebulo panali ndudu ziwiri zopindika.

"Amayi," anayamba ahedi, "izi tazipeza m'sokosi ya mwana wanu. Anagula kwa Che Anwar. Lamulo mukulidziwa: wophunzira wosuta timamubweza kunyumba, kaya mayeso ali pafupi kaya ali patali. Koma iyeyu akuti munamutuma ndinu."

Abiti anayang'ana ndudu zija. Anamuyang'ana Faruku. Makutu omwe aja a malemu bambo ake, khosi lomwe lija. Akanena zoona, mwanayo mayeso sadzalemba. Akavomera bodza, ndiye kuti mayi amene anazunguza mudzi wonse ndi kambale ndi amene amasuta mobisa. Anakonza mpango wawo pang'onopang'ono.

"Ndinamutuma ndine."

Ahedi anavula magalasi. "Inu? Koma amayi, ndudu mumagulitsa nokha. Mungatume mwana mpaka kutsidya kwa mlatho?"

"Pa okala yanga mwana sagula fodya, ahedi. Ndi lamulo la boma."

Mayi wina wa komiti anadzitseka pakamwa ndi chitenje. Bambo Stephano anatsokomola kanthawi, n'kufunsa mofatsa ngati ali pa guwa: "Ndiye munayamba liti, Abiti?"

"Kalekale."

"Ayi, zimachitika. Ngakhale ine anthu amanditumizira." Anatembenukira kwa ahedi. "Mwanayu anatumidwa. Alembe mayeso."

Nkhani inafika kumjigo Abiti asanafike kunyumba. Pofika Lachisanu, amayi akumzikiti ankawakumbatira nthawi yaitali kuposa masiku onse, mphuno zili pampango. Wina analumbira kuti anaonapo utsi ukutuluka kubafa kwawo. Mayi Eluby anayambiranso kuwapatsa moni, moni wokoma kwambiri, wofunsa ndi za chifuwa zomwe. Iness anabwera kudzawalangiza za kuipa kwa fodya kwa amayi a msinkhu wawo, Abiti n'kumangomuyang'ana osaphethira mpaka mtsikanayo anaiwala mawu. Che Anwar okha ndi amene palibe anawafunsa kanthu.

Tsiku la mlandu lija, atafika kunyumba, Faruku anayesa kulankhula.

"Amayi, pepani. Zikomo kuti..."

"Usandithokoze, iwe. Ine pakamwa panga sipanadutsepo ngakhale kandudu kamodzi, lero ndasanduka uvuni chifukwa cha iwe. Bambo ako ankatsokomola mpaka magazi m'chipinda ichi. Ukufuna ndikuchapirenso nsalu zimenezo?"

Faruku analira, analonjeza, analumbira potchula ndi manda omwe.

Mayeso analemba. Masiku ano akudikira zotsatira, ndipo masana amakhala mu okala, kumene amayi ake anamuika kuti azimuona. Koma munthu sangakhale m'kaokala tsiku lonse. Madzulo amati akukaonera mpira, ndipo pobwera Abiti amamuimitsa pakhomo n'kumugwira dzanja lamanja, kulinunkhiza chala chimodzichimodzi. Fodya samveka. Zala zake zimanunkhira sopo, sopo wambiri zedi, kuposa amene mnyamata wochokera ku mpira angafune.