Ndinamuwerengera Zala za Dokotala

Inu owerenga, diso la mwana wanga ndinaliphetsa ndine, ndi pakamwa pangapa. Ndikuuzani mmene zinakhalira, mwina wina angapulumutse wake.

Timakhala ku South Bend, mzinda wa ku Indiana, kutsidya la nyanja. Ine ndimagwira ntchito yosamalira odwala, choncho sindinganame kuti za thupi sindizidziwa. Mphatso, mwana wathu woyamba, anakulira konkuno. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi. Nkhonya anayamba ali kusekondale, ndipo atalowa m'gulu la akatswiri ankangopambana. Kuno ku Indiana wankhonya amadziwika ndi rekodi yake, wapambana kangati, wagonja kangati. Pa kugonja, Mphatso anali ndi ziro. Ziro ameneyo anandilowa m'mutu. Kutchalitchi nkhani inali yomweyo, pa foni ndi abale ku Dedza yomweyo, mpaka anzanga ankandiseka kuti ndimayenda ngati womenyayo ndine.

Loweruka lina anakamenyana ku Indianapolis ndi mnyamata wamtali, wamanzere. Mayi ake anakana kubwera, ine ndinakhala kutsogolo kwenikweni. Ndewu ili mkati, chibakera chinamupeza padiso ndipo linatupa pomwepo. Ndinaona mwana wanga akuponya nkhonya m'malere, pamene mnzakeyo palibe. Ndinene zoona, chimene ndinkaopera ine ndi rekodi.

Belu litalira, refu anaitana dokotala. Dokotalayo anamuphimba diso labwinolo n'kuimika zala patsogolo pake kuti anene ndi zingati. Akanalephera, ndewu ikanathera pomwepo, iye wogonja. Mphatso anaphethira, n'kupendeketsa mutu. Holo yonse inali phokoso lokhalokha, ndipo ndinadziwa kuti omva Chichewa mmenemo tinali awiri basi.

"Zitatu, iwe! Zitatu!" ndinakuwa.

Kochi wake anangoyesa ndikumulimbitsa mtima. Mphatso tinamulera kuti bambo akalankhula satsutsidwa. Ananena yankholo m'Chingerezi, dokotala anavomera n'kutsika. Ndewu inapitirira, ndipo wamanzere uja ankangosaka diso lomwelo. Chibakera chilichonse ndinkachiona, koma sindinadzuke kukaulula. Mphatso anapambana ndi mapointi.

Pobwerera, tili m'galimoto, anandiuza kuti akuona ngati katani yakuda yatsika mbali imodzi. Ndinakhotera kuchipatala. Madokotala anati mkati mwa diso munang'ambika, ndipo zibakera zotsatira zija ndi zimene zinamaliza zonse. Anamuchita opaleshoni, koma sizinatheke. Chilolezo chomenyera nkhonya chinathera pomwepo.

Mayi ake atamva zonse kwa Mphatso mwiniwakeyo, ananditembenukira. "Bambo a Mphatso, dokotala akumutesita mwana, inu n'kumamuuzira ansala ngati mayeso a kusukulu? Inuyo, ogwira kuchipatala?"

Makolo anzanga, mwana akamapambana kondwani, koma ulemerero wanu musaukoleke pa thupi lake. Dokotala akamamufunsa, tsekani pakamwa, ayankhe yekha. Akanagonja tsiku limene lija, bwenzi atachira n'kumenyanso chaka chinacho. Mphatso sanandikalipirepo, ulemu amandipatsabe ngati kale. Koma tikakhala patebulo kuti tidye, mpando wanga amauika mbali ya diso lakufalo.